Kagalu Kamene Anandituma Kukataya

Ine ndine mkamwini. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa munthu wosadziwa ukamwini sangamve chimene chikundiwawa. Kwathu ndi ku Sinda, koma ndinakwatira m'mudzi wina kufupi ndi Mkaika, ndipo mwa mwambo wathu ndine amene ndinanyamula chikwama kudzakhala kwa mkazi. Nyumba ndinamanga ndi manja angawa, njerwa ndinaumba ndekha, koma dothi limene yakhalapo si langa. Chimanga, thonje ndi nsawa ndimalima ndine, koma munda ndi wa apongozi. Ana ndinabereka, koma nkhani yawo ikakula woyamba kumva ndi malume awo. Malume amenewo ndiwo alamu anga, mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga, mwini mbumba. Amakhala ku Vubwi kumene ali ndi golosale, ndipo mwana wathu woyamba, wamkazi, amakhala nawo komweko chifukwa cha sukulu. Mudzi uno amaulamulira pa foni.

Zonsezi ndinazizolowera kalekale, ndipo palibe amene anandimvapo ndikudandaula. Chimene chinandipweteka ndi galu.

Kuseri kwa nkhokwe ya apongozi kunkagona galu wamkazi wa alamu, amene anamusiya pamene ankasamuka. Chaka chimenecho anaswa nthawi yotola thonje. Ana aamuna anthu anawatenga msangamsanga, chifukwa kuno galu wofunika ndi wamwamuna. Wamkazi amati amangodzaza mudzi ndi ana, n'kumaitananso agalu a midzi yonse. Kenaka make anagundidwa ndi lole pa msewu waukulu. Kanatsala kamodzi kakakazi, kochepa kuposa anzake onse, kamimba kotupa, miyendo ngati timitengo ta machesi. Kanalira kuseri kwa nkhokweko mpaka mawu anasasa. Apongozi atatopa nako anauza mkazi wanga kuti aimbire achimwene ake, ndipo yankho linabwera lalifupi: "Auzeni abambo a kwanuwo akakataye ku dambo."

Ntchito zoterezi ndi za mkamwini. Kukumba chimbudzi, kukwirira mbuzi yofa yokha, kutaya galu. Ndinakaika m'thumba la feteleza n'kuuyamba wa ku dambo, dzuwa lili pamutu. Nditafika ndinamasula thumba kuti ndikakhuthule m'bango ndizibwerera. Polowetsa dzanja, kanagwira chala changa n'kuyamba kuyamwa, kukoka ndi timphamvu tonse timene kanali nato. Ha! Ndinakhala pansi pomwepo. Ndapha nkhuku, ndapha nkhumba, sindine munthu wa misozi, koma chimenecho chinandikanika. Ndinabwerera nako kunyumba.

Mkazi wanga atandiona anaika mtondo pansi. "Mwabwera nako? Inu abambo, mukufuna mundiyambanitse ndi achimwene?"

Ndinati aimbe foni ndilankhule nawo ndekha. Alamu anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, mukufuna kulera chimenecho? Lerani, ngati ntchito yakucheperani kumunda. Sichifika ndi Lamlungu lomwe."

Ine mawu amenewo ndinawamva ngati andipatsa. Chinthu chimene munthu wati chikatayidwe, wina n'kuchitola, n'cha yani? Ndinkaona kuti nkhani yatha.

Vuto loyamba linali mkaka. Kuno mbuzi sitikama, koma ine ndinagwira mbuzi ya apongozi imene inali ndi mwana, n'kuipana pakati pa miyendo, n'kumafinya m'kapu ya pulasitiki. Akazi opita ku mjigo anaima ndi ndowa zawo kuseka. Asa, ndinawasiya aseke. Mkakawo ndinkauthira m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa, kukamwa kwake n'kutsekako ndi kansanza koyera, kagalu n'kumayamwa kansanzako. Katayamba kunyambita ndinkakaphikira phala lamadzimadzi, n'kusinjiramo tinsomba ta kapenta. Pakhungu kanali ndi zotupa zokhala ndi mphutsi m'kati. Ndinkafinya chimodzichimodzi, mphutsi n'kutuluka yonenepa, kagalu kakulira, ine ndikukapepesa ngati kakumva. Nkhupakupa ndinkazula m'makutu ndi zikhadabo. Pogona pake panali m'katoni pakhonde, pa jekete langa lakale. Lamlungu linafika, kanali moyo. Linafikanso lina, kanayamba kuluma chingwe cha nsapato yanga n'kumabangula ngati chilombo.

Dzina ndinakapatsa, koma sindilitchula pano. Alamu analisintha kale.

Tsiku la katemera wa chiwewe ku dipi, anzanga anabwera akukoka agalu awo ndi mawaya m'khosi, agalu akukana, fumbi lili kobo. Ine ndinafika ndi katoni pa kaliyala wa njinga, kamutu kali kunja kakuona dziko. Bambo wina amene timaseka naye anakuwa kuti, "Taonani, mkamwini wabereka! Ameneyu yekha ndiye mwana wopanda malume!" Anthu anagwa nako kuseka, inenso ndinaseka nawo, chifukwa mumtima ndinkati akunena zoona.

Kuphunzitsa ndinayamba ndi nkhani ya ukhondo, poti mkazi wanga anali atanena kale kuti akadzaponda zonyansa pabwalo, kagaluko kabwerera ku dambo. Kakangomaliza kudya ndinkakanyamula kupita nako kuseri kwa khola, n'kudikira pamenepo mpaka kadzithandize, ndiye n'kukasisita pamutu. Poyamba kankangondiyang'ana, kenaka n'kudzachita pakhomo penipeni titabwerako. Ndinkakolopa mkazi wanga asanaone. Koma tsiku lina ndinakaona kakuthamangira kokha kuseri kwa khola, timakutu tikuuluka, ndipo ndinaseka ndekha ngati wamisala.

M'khitchini kanaphunzira msanga kuti simolowa. Ndinkakabweza ndi phazi pang'onopang'ono, osakaponda, n'kunena kuti "Panja." Kanafika pomagona pakhomo pa khitchini, miyendo yakutsogolo italekezera pamzere penipeni, mphuno yokha ili m'kati. Mkazi wanga, amene ankati sakafuna, ndinamupeza tsiku lina akukaponyera khungu la nkhuku. Atandiona anati, "Chagwa chokha."

Anapiye ndiwo anandivutitsa. Kagalu kakaona kanthu kakuthamanga, mutu umazungulira. Ndinkakhala pakhonde masana, kagalu nditakaika pakati pa miyendo, dzanja lili pachifuwa pake, thadzi likudutsa ndi ana ake. Kakafuna kudumpha ndinkakagwira n'kunena kuti "Leka." Kakakhala phee ndinkakapatsa mutu wa kapenta. Tinachita zimenezi mpaka matumba a malaya anga onse ananunkha nsomba, ndipo ku tchalitchi anthu ankasuntha pa benchi. Koma mwanapiye ngakhale mmodzi sanafe.

Chimene chinachitika n'chakuti kanaba dzira. Kanalipeza m'chisa cha nkhuku ya apongozi pansi pa nkhokwe, ndipo kanabwera kukamwa kuli chikasu, mchira ukugwedezeka, kosadziwa kuti kapalamula. Apongozi ndi ine sitilankhulana maso ndi maso. Anaima patali, atatembenukira ku mtengo wa mango, n'kumauza mwana wawo mokweza kuti ine ndimve: "Wiritsa dzira. Likapsa, alilowetse m'kamwa mwake lili lotentha, atseke kukamwako ndi manja mpaka lizizire. Galu amaphunzira choncho."

Njira imeneyi ndimaidziwa, ndinaionapo kwathu ku Sinda ndili mwana. Galu amasiyadi mazira, koma amasiyanso kubwera ukamuitana. Ndinayankha nditayang'ana pansi, mwaulemu wonse, kuti amayi andikhululukire, ndiyesa kaye njira ina. Mkamwini kukana mawu a apongozi chifukwa cha galu! Mkazi wanga sanandilankhule tsiku lonse. Ine ndinatola mazira owola amene nkhuku zinasiya m'zisa, n'kumapita nawo kumunda pamodzi ndi kagalu. Ndinkaika dzira pansi, kakalinunkhiza ndinkati "Leka," kakabwerera m'mbuyo kankalandira kapenta. Mazira ena kanaswa, ndipo fungo lake linakalanga kuposa ndodo. Pamapeto pake dzira linkakhala patsogolo pake, iko kakuyang'ana kumbali ngati sikakuliona.

Pofika nthawi yoyanika nsawa za chaka chotsatira sikanalinso kagalu. Anali galu, wofiirira, wa chifuwa choyera, ubweya wosalala. Nsawa zikakhala pamphasa ndinkangomuuza kuti "Khala apa," ine n'kupita kukamweta udzu. Mbuzi ikayandikira ankaithamangitsa mpaka kumalire a bwalo, osailuma, n'kubwerera pamalo pake. Mlendo akafika ankauwa ndithu, mawu aakulu, koma ndikati "Basi" ankasiya n'kukagona. Ana a m'mudzi ankamukoka mchira, iye n'kumangoyasamula. Akazi aja ankandiseka pokama mbuzi anayamba kufunsa kuti akadzaswa ndidzawasungire mwana. Apongozi enieniwo ankamuitana kuti awaperekeze kudimba. Ndisaname, ndinkanyada. M'mudzi monsemo chinali chinthu chimodzi chimene anthu ankati "cha abambo aja," osati cha mbumba.

Alamu anabwera nthawi ya Kulamba, pa kagalimoto kawo ka katundu, atanyamula anthu a ku Vubwi odzaonera mwambo. Mwambo utatha anakhala pampando pabwalo pathu, tiyi ali m'manja, ndipo anaona mbuzi ikuthamangitsidwa n'kuona galu akubwerera yekha pamphasa. Anaika kapu pansi.

"Galu ameneyu ndi mwana wa uja wanga, eti?"

"Ndi kaja munati ndikataye," ndinatero.

"Wakula bwino. Mwachita ntchito, alamu." Anamwa tiyi pang'ono. "Ku golosale akuba andivutitsa, athyola zenera lakumbuyo. Mawa ndipita naye."

Ndinkaganiza kuti akuseka. Nditaona kuti sakuseka, ndinati, "Alamu, pepani, koma galuyu ndi wanga. Inu munamutaya. Ndinamutola ndine, ndinamuyamwitsa ndine."

"Ndinamutaya? Nanga uyu ndi mzukwa?" Anaseka, anthu awo aja n'kuseka nawo. "Ndinakutumani kukataya, simunataye. Ndinati lerani, mwalera, zikomo. Tsono tandiuzani, mkaka umene ankamwa unali wa mbuzi za yani? Phala lija, chimanga chake chinachokera m'munda wa yani? Pamene amagonapo ndi pa dothi la yani?"

Ndinayang'ana mkazi wanga. Anali atagwada pambali ndi beseni la madzi osamba m'manja, maso ali m'besenimo. Apongozi, kuchokera pakhonde pawo, anati, "Galu ndi galu. Anthu akuluakulu kukanganirana galu?" Dzulo lake lomwelo anali atapita naye kudimba.

Titalowa m'nyumba ndinakalipa, ndipo mawu ena amene ndinanena si olemba. Mkazi wanga anandisiya ndimalize, kenaka anati, "Inu abambo, mwana wathu amadya kwa yani? Sukulu akuphunzira ali m'nyumba ya yani? Mukufuna achimwene amubweze chifukwa cha galu?" Sanali kundinyoza, misozi inali m'maso. Ankanena zoona, ndipo zimenezo ndizo zinandipsetsa mtima koposa.

M'mawa mwake alamu anabwera ndi chingwe cha ng'ombe. Galu atawaona anabwerera m'mbuyo n'kulowa pansi pa ngolo. Anamukoka, anakana. Anatuma anthu awo, galu anawaonetsa mano, chinthu chimene anali asanachitepo. Pamapeto pake alamu anatembenukira kwa ine, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti, "Tamuitanani, inu amakumverani."

Ndinamuitana. Anatuluka pansi pa ngolo mchira ukugwedezeka, n'kudzakhala patsogolo panga monga ndinamuphunzitsira. Ndinamunyamula ndekha n'kumukweza kumbuyo kwa galimoto, pakati pa matumba a chimanga, ndipo ndinati "Khala apa." Anakhala. Galimoto inanyamuka iye ali chikhalire, akundiyang'ana, kudikira kuti ndinene mawu ena. Ndinatenga khasu n'kupita kumunda, ngakhale kuti mwezi umenewo kumunda kulibe cholima.

Ku Vubwi tinapita mvula itayamba, kukapereka ufa ndi nyemba kwa mwana wathu. Ulendo wake ndi wotopetsa, minibasi mpaka ku Chipata, kenaka galimoto ina pa msewu wa matope ndi mabampu. Njira yonse ndinali ndi kapenta m'thumba la malaya.

Nyumba ya alamu ili kuseri kwa golosale. Tisanalowe pachipata ndinamva kuuwa, koma mawu ake sindinawazindikire, anali okhadzula, a galu amene wakhala akuuwa osapuma. Anali pa tcheni, pansi pa mtengo, pafupi ndi mgolo wodula pakati. Makutu anali atadulidwa. Mchira unali utadulidwa, kutsala kachitsa. Nthiti zinkawerengeka. Alamu anatilandira mokondwa n'kuyamba kufotokoza okha, monyadira, kuti masana amamuvundikira ndi mgolowo kuti asazolowere nkhope za anthu, ndipo m'chakudya amamuthirira tsabola kuti mtima uwawe. Anati ndi mmene amachitira eni mashopu onse a m'malire.

Galu anadumpha kufuna kutiluma, tcheni n'kumubweza. Anadumphanso. Kenaka mphepo inamufikitsira fungo langa. Anaima. Kuuwa kunasanduka kulira kwa kamwana, kachitsa ka mchira kaja kanayamba kunjenjemera, anagona chagada n'kudzikodzera, miyendo ili m'mwamba. Mayo ine! Ndinaponya thumba la ufa pansi n'kuyamba kupita kwa iye.

Alamu anandipitirira. Anatola paipi yakuda ya madzi imene inali itatsamira pamtengo, n'kumukwapula nayo m'nthiti. Phwaa! Galu anakuwa n'kudzipinda.

"Alamu!" ndinakuwa.

"Galu wolondera sasekerera alendo," anatero, osakweza ndi mawu omwe. "Munandiwonongera galu, alamu. Munamulera ngati mwana wa munthu. Miyezi yonseyi ndakhala ndikumukonza, lero mwangofika, taonani wabwerera pomwe paja."

Ndinkafuna kulanda paipiyo, ndipo ndikudziwa pamene ndikanaigwetsa. Koma mwana wanga anali ataima pakhomo ndi yunifomu ya sukulu, akubwera kudzatilonjera, ndipo mkazi wanga anali atandigwira malaya kumbuyo. Alamu ndi mkulu wa mpingo kumeneko, munthu wolemekezeka. Anatsamiritsa paipi pamtengo n'kutiuza kuti tikhale, tiyi akubwera.

Mipando anaiika pabwalo pomwepo. Wanga unayang'ana kumtengo. Galu anakwawa mpaka pamene tcheni inathera, n'kugoneka mutu pansi, maso ali pa ine. Ndinangosuntha dzanja kulowetsa m'thumba la malaya, iye n'kudzuka, kulira kuja n'kuyambiranso. Alamu anaimirira, kapu ili m'dzanja limodzi, n'kukamukwapulanso, kenaka anabwerera kudzapitiriza nkhani ya mtengo wa feteleza ku Mozambiki. Patapita kanthawi ndinatsokomola chabe, galu n'kulira, paipi n'kulira.

Pamenepo ndinamvetsa mmene zinthu zinalili. Sankamumenya chifukwa cha kuba kapena kuluma. Ankamumenya chifukwa cha ine. Ndikamuyang'ana, paipi. Ndikalankhula mokweza, paipi. Ndinanyamula mpando wanga n'kuutembenuza, msana kuloza kumtengo. Ndinalankhula motsitsa, mawu ochepa. Tiyi ndinamwa, koma kukoma kwake musandifunse. Kumbuyo kwanga ndinkamva tcheni ikukokeka, kenaka kulira kwapansipansi, kondiitana. Sindinacheuke. Kulirako kunachepa, kunachepa, mpaka kunatha.

"Mwaona?" anatero alamu. "Akumva tsopano."

Pochoka, njira yopita kuchipata inadutsa pafupi ndi mtengo uja. Galu anaimirira ndi miyendo yakumbuyo, tcheni itamukoka pakhosi, miyendo yakutsogolo ikupalasa m'mwamba. Akanatha kundikhudza malaya ndikanangopatuka pang'ono. Alamu anali atatiperekeza, dzanja lili pa paipi, akuyang'ana ine osati galu. Ndinayang'ana kumsewu n'kudutsa ngati ndikudutsa galu wa eni. Kapenta uja ndinakamutaya m'ngalande pa siteji ya basi.

Ku Vubwi sindinapitekonso. Ufa amakapereka mkazi wanga, mwana ndimamuona akabwera pa holide. Mkazi wanga amauza anthu kuti ndimadana ndi abale ake, apongozi amati ndine mkamwini wodzikuza, ndipo ine ndimangowasiya anene. Ndikapitako, womenyedwa ndi galu.